Kalaliki wa ku banki amene anadzavala nyenyezi zinayi

Ana inu, mukadzaona chithunzi cha jenerali wa dziko la France, mudzawerenge nyenyezi zimene zili pamapewa pake. Wa nyenyezi imodzi simudzamupeza. Kumeneko jenerali wamng'ono amayambira pa ziwiri, womuposa amavala zitatu, wina zinayi, ndipo wamkulu zedi ali nazo zisanu. Ambiri mwa ovala nyenyezizi anadzera ku Saint-Cyr, sukulu yotchuka ya maofesala imene Napoleon anakhazikitsa mu 1802. Wachinyamata amalowa kumeneko atakhoza mayeso ovuta kwambiri, ndipo potuluka amakhala ali kale ofesala, asilikali wamba n'kumamuchitira sawatcha ngakhale ena a iwo ali a msinkhu wa bambo ake.

Marcel Bigeard sanapondeko ku Saint-Cyr. Sukulu anasiya ali ndi zaka 14. Usilikali sanachite kuufunsira, anachita kuitanidwa ndi lamulo. Koma pamene ankavula yunifolomu anali ndi nyenyezi zinayi. Zinatheka bwanji?

Anabadwa pa 14 Febuluwale 1916 m'tauni ya Toul, kum'mawa kwa France, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati. Bambo ake ankagwira ntchito ku njanji, yotembenuza zitsulo kuti sitima ilowe njira yoyenera. Linali banja losalemera. Marcel atasiya sukulu mu 1930 anapeza ntchito ku banki ya Société Générale ya m'tauni yakwawo, ndipo akaweruka ankakonda masewera a nkhonya.

Kalata yosakanidwa

Kuno kwathu munthu akafuna usilikali amadikira kuti alengeze kuti akulemba, iye n'kupita yekha kukayesa mwayi. Ku France masiku amenewo sizinali choncho. Mnyamata aliyense wathanzi akakwanitsa zaka pafupifupi 20, boma linkamutumizira kalata yomuuza tsiku ndi malo okayamba usilikali. Kaya ndi mlimi, kaya mphunzitsi, kaya kalaliki, panalibe kukana. Ankatumikira zaka ziwiri n'kubwerera kwawo, koma dzina lake linkatsala m'kaundula kuti nkhondo ikadzabuka adzamuitanenso. Dzikoli linkachita zimenezi chifukwa linkaopa Germany, amene anali ndi anthu ambiri kuliposa. Lamulo lokakamizali linadzaimitsidwa pambuyo pake, ndipo anyamata omaliza otengedwa motere anatuluka mu 2001.

Kalata ya Marcel inafika mu 1936. Anamutumiza ku Haguenau, kufupi ndi malire a Germany, ali msilikali wamba wa pansi penipeni, wopanda kanthu kalikonse pamkono wa malaya. Ntchito ya gulu lake inali yolondera malinga otchedwa Maginot. Awa anali malinga a konkire okumbiridwa pansi pa nthaka, okhala ndi mizinga, zipinda zogona, makhitchini, ndipo ena aakulu anali ndi timasitima tawo tamagetsi toyenda m'mapanga. Zaka ziwiri zitatha anatuluka ali kopolo wamkulu, n'kubwerera kukakhala pa tebulo lake ku banki. Mukuona kuti sankalota zokhala jenerali. Akanakhala kuti dziko linali pa mtendere, mwina akanakalambira m'banki momwemo.

Mu 1939 anamuitananso, tsopano ngati sajeni. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba, anadzipereka kulowa m'timagulu ting'onoting'ono timene tinkatuluka usiku kukazonda adani pakati pa malire. Apa m'pamene akuluakulu anayamba kuona kuti mnyamata wa ku bankiyu mantha alibe, ndiponso kuti anzake amamutsata mosavuta.

Koma malinga aja sanathandize. Mu Meyi 1940 asilikali a Germany anangowalambalala, n'kudzera m'nkhalango ya Ardennes, ndipo pasanathe miyezi iwiri France inagonja. Marcel anagwidwa mu Juni n'kutsekeredwa mu msasa wa akaidi a nkhondo ku Limburg, m'dziko la Germany. Anathawa koyamba, anamugwira. Anathawa kachiwiri, anamugwiranso. Ulendo wachitatu, mu Novembala 1941, anapulumuka. Anafika kum'mwera kwa France, kumene anakwatira Gaby, mtsikana wakwawo amene anadziwana naye kuyambira ali ana, ndipo posakhalitsa anakwera sitima ya pamadzi kupita ku Senegal.

Ku Senegal anakatsogolera asilikali a mu Africa amene ankamenyera nkhondo dziko la France. Apa ndiime pang'ono, chifukwa anthu amenewa amaiwalika kawirikawiri. Ankatengedwa m'maiko ambiri a kumadzulo kwa Africa amene France inkalamulira, ndipo ochuluka a iwo anachita kukakamizidwa ngati Marcel yemwe. Ankaguba mtunda womwewo, zipolopolo zinkawalasa chimodzimodzi, komabe khomo la maudindo aakulu linali lotsekeka kwa pafupifupi onse. Mu Disembala 1944, pa msasa wa Thiaroye kufupi ndi Dakar, ena mwa iwo amene anali atangobwera kuchokera ku ukaidi wa Germany anaomberedwa ndi asilikali a France chifukwa chofunsa malipiro awo. Choncho tikamakamba za msilikali wamba amene anakwera mpaka pamwamba, tizikumbukira kuti njirayo sinali yotsegukira aliyense.

Udindo wobwereka

Mu 1943, patatha zaka 7 chilowereni usilikali, Marcel anakhala ofesala wa udindo wotsikitsitsa, lefitenanti wachiwiri. Anaphunzira kudumpha m'ndege ndi parachuti kwa asilikali a Britain ku Algeria. Parachuti ndi chinsalu chachikulu chopindidwa bwino m'chikwama cha kumsana, chimene chimatambasuka munthu akadumpha n'kumutsitsa pang'onopang'ono. Ngakhale zili choncho, munthu amafika pansi mwamphamvu ndithu, moti amaphunzitsidwa kupinda mawondo ndi kugubuduka kuti asathyoke miyendo.

Mu Ogasiti 1944 anamuponya usiku m'dera la mapiri la Ariège, kufupi ndi Spain, kuti akathandize anthu amene ankalimbana ndi asilikali a Germany mobisala m'tchire. Panali vuto limodzi. Kodi amuna olimba mtima amenewa, ena oti anamenya kale nkhondo ku Spain, akanamvera kalefitenanti? Akuluakulu anaganiza zomubwereka udindo wa meja, wongogwiritsa ntchito pa ulendowo. Zinayenda. Pa 19 Ogasiti tauni ya Foix inamasulidwa, ndipo dziko la Britain linamupatsa mendulo yaulemu. Nkhondo itatha, udindo wobwereka uja anabweza n'kukhala kaputeni.

Mwina mukufunsa kuti, kodi munthu amakwezedwa bwanji ku usilikali? Nthawi ya mtendere zimayenda pang'onopang'ono: pamafunika zaka, mayeso ndi maphunziro. Nthawi ya nkhondo zimafulumira, pa chifukwa chomvetsa chisoni. Maofesala amafa ndi kuvulala, mipando yawo n'kutsala yopanda munthu, ndipo akuluakulu amayang'ana amene waonetsa kuti angathe. Bigeard anakhala m'nkhondo pafupifupi zaka 20 zotsatizana. N'chifukwa chake anakwera mwamsanga chonchi ngakhale analibe mapepala.

Analinso ndi kachitidwe kake. Ankathamangitsa asilikali ake mtunda wautali tsiku ndi tsiku, iye ali kutsogolo, chifukwa ankakhulupirira kuti thukuta la lero limapulumutsa magazi a mawa. Ankafuna kuti munthu amete ndevu ndi kuvala mwaudongo ngakhale ali pakati pa nkhalango. Ndipo chida chimene ankachidalira kwambiri sichinali mfuti koma wailesi yolankhulirana. Pa wailesi dzina lake linali Bruno. Ankakhala pamalo okwera ndi mapu, n'kumauza kagulu kalikonse kumene kalowere, ndi mawu odekha ngakhale zinthu zitavuta. Ankakondanso kujambulidwa ndi kulembedwa m'nyuzipepala, ndipo maofesala ena ankadandaula kuti amadzitama.

Chigwa cha Dien Bien Phu

Nkhondo ya ku Europe itangotha, mu 1945, Bigeard anatumizidwa ku Vietnam. Apa nkhani ikutembenuka, ana inu. Ku Ariège ankathandiza anthu kuchotsa alendo amene analanda dziko lawo. Ku Vietnam mlendo wolanda dziko anali France, ndipo eni dziko, motsogozedwa ndi Ho Chi Minh, ankafuna ufulu wodzilamulira. Gulu lawo linkatchedwa Viet Minh.

Anapitako maulendo atatu. Mu Okutobala 1952, ali meja weniweni tsopano, anadumpha ndi asilikali ake oposa 600 pamalo otchedwa Tu Lê, n'kupezeka kuti azingidwa ndi adani ochuluka kuwaposa kutalitali. Ku likulu ambiri anayesa kuti gululo latha. Koma iwo anayenda usana ndi usiku m'mapiri, akumenyana ndi owathamangitsa, atanyamula ovulala amene akanatha kuwanyamula, mpaka anawoloka mtsinje n'kupulumuka. Ena anatsala m'njira. Kuyambira pamenepo dzina la Bigeard linadziwika m'France monse.

Kenako kunadza Dien Bien Phu. Ichi ndi chigwa cha kumpoto chakumadzulo kwa Vietnam, kufupi ndi Laos, chozunguliridwa ndi mapiri mbali zonse. Akuluakulu a asilikali a France anaganiza zomanga msasa waukulu m'chigwamo kuti akope a Viet Minh abwere poyera n'kuwaphwanya ndi mizinga ndi ndege. Gulu la Bigeard linali m'gulu la oyamba kudumphiramo pa 20 Novembala 1953, kenako linachotsedwa kukagwira ntchito kwina. Timapiri ta mkati mwa msasa anatipatsa maina a akazi: Béatrice, Gabrielle, Dominique, Éliane, Isabelle.

Tayerekezani mbale ya ndiwo. Asilikali a France anakhala pansi pa mbaleyo, n'kusiyira adani m'mphepete monse. Iwo ankati palibe munthu angakweze mizinga ikuluikulu pa mapiri a nkhalango opanda misewu. Analakwitsa. Mtsogoleri wa asilikali a Viet Minh, Vo Nguyen Giap, anasonkhanitsa anthu wamba zikwizikwi, amuna ndi akazi. Analambula njira, anakoka mizinga ndi zingwe kukwera nayo mapiri, n'kuibisa m'mapanga okumba okha. Mpunga ankaunyamula pa njinga zakapalasa zolimbitsidwa ndi mitengo, zina zitasenza makilogalamu oposa 200, munthu akukankha wapansi. Ndipo mudziwe kuti Giap nayenso sanaphunzire ku sukulu ya maofesala. Anali mphunzitsi wa mbiri yakale mu mzinda wa Hanoi.

Mizinga inayamba kulira pa 13 Malichi 1954. Béatrice inagwa usiku woyamba, Gabrielle inatsatira. Posakhalitsa bwalo la ndege linakhala losagwiritsika ntchito, moti chakudya, mankhwala ndi zipolopolo zinkangoponyedwa ndi maparachuti, zina n'kumagwera kwa adani. Ovulala analibe potulukira. Pa 16 Malichi, zinthu zitaipa kale chonchi, Bigeard ndi gulu lake anadumphiramo kachiwiri. Amene analipo anasimba kuti asilikali otopa analimba mtima atangomva kuti Bruno wabwera. Anapatsidwa ntchito yotsogolera nkhondo zolanditsa timapiri totayika, ndipo mu Epulo analanditsadi kamodzi ka timapiri ta Éliane. Mkati mwa nkhondo yomweyo anamukweza kukhala lefitenanti kenelo.

Koma kulimba mtima sikukanakonza malo osankhidwa molakwika. Mvula inagwa, maenje obisalamo anadzaza matope, ndipo a Viet Minh ankakumba ngalande zoyandikira tsiku lililonse. Pa 7 Meyi 1954 msasa unagwa. Asilikali oposa 10,000 anagwidwa, ndipo pakati pawo panali a ku Algeria, a ku Morocco, a kumadzulo kwa Africa ndi a ku Vietnam komweko amene ankamenyera France. Anayendetsedwa wapansi mtunda wa makilomita mazanamazana, ndipo ambiri anafera m'njira ndi m'misasa chifukwa cha njala ndi matenda. A Viet Minh nawonso anataya anthu zikwizikwi. Bigeard anakhala mkaidi kachiwiri m'moyo wake, kwa miyezi inayi. M'chaka chomwecho France inavomera kuchoka ku Vietnam.

Mbali yowawa ya nkhaniyi

Pa 1 Novembala 1954 anthu a ku Algeria nawo anayamba nkhondo yofuna ufulu, motsogozedwa ndi gulu la FLN. Bigeard anapitako mu 1955. Anali mmodzi mwa oyamba kugwiritsa ntchito helikopita kunyamula asilikali n'kukawatsitsa pamwamba pa mapiri modzidzimutsa. Asilikali ake ankavala yunifolomu ya mawangamawanga ndi kapu ya mlomo wautali imene mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Mu 1956 anaomberedwa kawiri, koyamba pa chifuwa ali ku nkhondo m'mapiri, kachiwiri akuthamanga yekha m'mawa m'tauni ya Bône. Maulendo onse awiri anachira.

Mu 1957 magulu a asilikali a parachuti, pansi pa Jenerali Jacques Massu, anapatsidwa mzinda wa Algiers kuti athetse mabomba amene a FLN ankatchera m'malo odyera ndi m'misewu. Mabombawo ankapha anthu wamba, ndi ana omwe. Koma zimene asilikali anachita pofuna kupeza otchera mabomba zinali zoipa kwambiri. Anagwira anthu zikwizikwi, ambiri osalakwa, n'kumawazunza mwankhanza kuti aulule maina a anzawo. Ena ambiri sanaonekenso, ndipo abale awo sanapatsidwe ngakhale mtembo woti aike. Gulu la Bigeard linali limodzi mwa magulu amene anagwira ntchito imeneyi.

Iye mpaka imfa yake ankakana kuti sanazunzepo munthu ndi manja ake, koma atakalamba ananena kuti kuzunzako chinali choipa chosapeweka. Ine sindivomereza. Mkaidi ndi munthu amene alibenso chida, ndipo malamulo a nkhondo amene maiko anagwirizana ku Geneva mu 1949 amaletsa kumuzunza. Bigeard, amene anakhalapo mkaidi kawiri, ankadziwa bwino za kukhala m'manja mwa mdani. Ndipo akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya: wolamula gulu amayankhapo pa zimene gululo lachita. Sikuti panalibe njira ina. Jenerali wina wa France, Jacques Pâris de Bollardière, anakana poyera nkhanzazi mu 1957 yomweyo, ndipo anamutsekera masiku 60 chifukwa cha kukanako.

Pali munthu mmodzi amene muyenera kumudziwa dzina. Larbi Ben M'hidi anali mmodzi mwa amene anayambitsa FLN. Asilikali a Bigeard anamugwira mu Febuluwale 1957. Awiriwa ankacheza nthawi yaitali, ndipo Bigeard anadzanena kuti ankamulemekeza kwambiri mkaidi wakeyo. Kenako Ben M'hidi anaperekedwa m'manja mwa ofesala wina, Paul Aussaresses, ndipo patangopita masiku ochepa boma linalengeza kuti wadzipha. Linali bodza. Mu 2001 Aussaresses anaulula yekha kuti anamupha. Algeria inalandira ufulu mu Julayi 1962, ndipo lero umodzi mwa misewu ikuluikulu ya mu Algiers umatchedwa Larbi Ben M'hidi.

Nyenyezi zija zinabwera nkhondo zitatha. Bigeard anakhala kenelo mu 1958, ndipo kuyambira 1960 anakhala zaka zingapo ku Bouar, m'dziko la Central African Republic. Nyenyezi ziwiri zoyamba analandira mu 1967, patatha zaka 31 chilandirireni kalata ija. Analamula asilikali a France ku Dakar, kenako ku Madagascar, chilumba chachikulu chija chili tsidya lina la nyanja kuchokera ku Mozambique. Mu 1974 anafika pa nyenyezi zinayi. Chaka chotsatira Pulezidenti Valéry Giscard d'Estaing anamuika m'boma ngati wachiwiri kwa nduna ya zachitetezo, pa nthawi imene anyamata okakamizidwa usilikali ankadandaula za malipiro ochepa ndi moyo wa m'misasa. Pulezidentiyo anaona kuti munthu amene anagonapo pa bedi la msilikali wamba akhoza kumvana nawo. Kuyambira 1978 mpaka 1988 anali phungu wa nyumba ya malamulo woimira dera lakwawo.

Anamwalira ku Toul pa 18 Juni 2010 ali ndi zaka 94. Anasiya mawu akuti mtembo wake uwotchedwe ndipo phulusa likamwazidwe ku Dien Bien Phu, kumene anzake anagona. Boma la Vietnam linakana. Boma la France linaganiza zokaika phulusalo ku Les Invalides mu mzinda wa Paris, kumene kuli manda a Napoleon, koma anthu ambiri anatsutsa chifukwa cha za ku Algiers zija, mpaka maganizowo anasinthidwa. Mu Novembala 2012 linaikidwa ku Fréjus, pamalo okumbukira amene anafa pa nkhondo za ku Vietnam ndi maiko oyandikana nawo.

Mkanganowo sunathe. Mu 2024 tauni ya Toul inaimika chiboliboli chake, ena akuombera m'manja, ena akuchita zionetsero zoti chichotsedwe. Pa 1 Novembala chaka chomwecho, Pulezidenti Emmanuel Macron anavomera m'dzina la dziko la France kuti Larbi Ben M'hidi anaphedwa ndi asilikali a France.